Atumiki Obisika a mu Ubongo—Phunziro kwa Akristu

Mtumwi Paulo anaphunzitsa kuti thupi limadalira kwambiri ziŵalo zimene anthu amaziyesa zopanda mphamvu.—1 AKORINTO 12:22.

1, 2. (a) Kodi Rudolf Virchow anaona chiyani mu ubongo, ndipo anachitcha dzina lotani? (b) Kodi nchifukwa ninji nkhaniyi iyenera kukondweretsa Akristu?

MU 1856, dokotala wina wa ku Germany, Rudolf Virchow, anafalitsa zimene anaona popenda ubongo wa munthu ndi maikulosikopu. Pakati pa maselo a minyewa, amene amanyamula mauthenga m'thupi, iye anaona chinthu china chofeŵa chimene chinadzaza mipata yonse. Polingalira kuti ntchito yake inali yongomata maselowo kuti asamwazike, anachitcha neuroglia, kutanthauza guluu wa minyewa. Dzinalo linakhazikika, ndipo pamodzi nalo panakhazikikanso lingaliro lakuti chinthucho chinalibe ntchito ina. Kwa zaka pafupifupi zana limodzi, ofufuza ochuluka anaika maso awo pa maselo a minyewa, otchedwa manyuroni, nasiyira guluuyo anthu oŵerengeka okha.

2 Lerolino nzodziŵika kuti guluu ameneyo ali khamu la maselo amoyo, otchedwa maselo a glia, ndi kuti popanda iwo munthu sakanatha kuganiza, kulankhula, kuyenda, ngakhale kukhala ndi moyo. Mbiri ya maselo ameneŵa ili ndi phunziro kwa olambira Mulungu. Mumpingo uliwonse muli Akristu okhulupirika amene ntchito yawo siioneka kwa ambiri, ndipo ena a iwo afika podzifunsa ngati ali ofunika nkomwe. Popeza kuti Baibulo lenilenilo limayerekezera mpingo ndi thupi la munthu, kupenda mmene Mlengi analinganizira ubongo kungathandize kuyankha funso limenelo.—Aroma 12:4, 5.

Khamu Limene Linanyalanyazidwa

3, 4. (a) Kodi nchifukwa ninji maselo a glia ananyalanyazidwa, ndipo ngochuluka motani? (b) Kodi nchiyani chimene chinadziŵika pang'onopang'ono ponena za iwo?

3 Manyuroni anakopa chidwi chifukwa chakuti ntchito yawo inali yokhoza kupimidwa. Iwo amatumiza mauthenga amagetsi, ndipo makina anali kutha kugwira mauthengawo. Maselo a glia satumiza mauthenga amtundu umenewo, chotero pamakinawo anaoneka ngati ali duu. Ngakhale unyinji wawo sunadziŵike bwino. Kwa nthaŵi yaitali mabuku asukulu anali kunena kuti maselo a glia amaposa manyuroni kuŵirikiza nthaŵi khumi. Koma mu 2009, kagulu ka ofufuza ku Brazil, kamene kanaphatikizapo Suzana Herculano-Houzel, kanafalitsa zimene kanapeza kataŵerenga mosamalitsa. Ubongo wa mwamuna wachikulire uli ndi manyuroni pafupifupi mabiliyoni 86 ndi maselo ena pafupifupi mabiliyoni 85, ndipo ochuluka a maselo enawo ali a glia. Motero, pafupifupi theka la maselo a ubongo limatumikira theka linzake.

4 Ofufuza ena akale sanakhutire ndi lingaliro la guluu. Camillo Golgi wa ku Italy anaona kuti nthambi za ena a maselowo zinali kugwira mitsempha ya mwazi, ndipo anaganiza kuti mwinamwake iwo ndiwo amapereka chakudya kwa manyuroni. Pambuyo pake, Pío del Río Hortega wa ku Spain anapeza njira yatsopano yodayira tizidutswa ta ubongo ndi mankhwala a siliva, ndipo mu 1919 ndi 1921 anafotokoza mitundu iŵiri ya maselo a glia imene inali isanasiyanitsidwe bwino. Pang'onopang'ono kunaonekeratu kuti pali magulu angapo a antchito, lililonse ndi gawo lakelake. Ena amadyetsa, ena amakuta minyewa, ena amalondera, ndipo ena amatsuka.

Odyetsa ndi Osunga Mpanda

5, 6. Kodi ma astrocyte amatumikira motani manyuroni?

5 Ubongo umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, ndiko kuti 2 peresenti yokha ya thupi la munthu wachikulire, komabe umadya pafupifupi 20 peresenti ya nyonga imene thupi limagwiritsira ntchito pamene munthu akupuma. Manyuroni alibe nkhokwe yaikulu ya chakudya. Mwazi utaleka kuwafika kwa mphindi zoŵerengeka zokha, amayamba kufa. Amene amawasamalira ndiwo maselo a glia otchedwa ma astrocyte, dzina lochokera ku liwu lachigiriki lotanthauza nyenyezi, pakuti nthambi zawo zimatambalala kumbali zonse. Nthambi zina zimafungatira timitsempha ta mwazi, pamene zina zimafika pa manyuroni. Ma astrocyte amasunga shuga pang'ono woti athandize panthaŵi ya kusoŵa, ndiponso ali ndi mbali m'kudziŵitsa mitsempha kuti iwonjezere mwazi kuchigawo cha ubongo chimene chili pantchito yaikulu.

6 Iwo amasesanso. Pamene nyuroni ikupereka uthenga kwa inzake, imatulutsa mankhwala m'kampata kamene kali pakati pawo, kotchedwa synapse. Amodzi a mankhwalawo, otchedwa glutamate, ngofunika kwambiri pakuphunzira ndi kukumbukira. Koma atatsalira m'kampatako, amasonkhezera nyuroni mosalekeza kufikira itavulala kapena kufa kumene. Ma astrocyte amayamwa msangamsanga mankhwala otsalawo, nawasanduliza kukhala chinthu chosavulaza, ndi kuwabwezera kwa nyuroni kuti idzawagwiritsirenso ntchito. Kusokonezeka kwa ntchito imeneyi kuli chimodzi cha zinthu zimene zapezeka mwa odwala khunyu ena. Akuyerekezera kuti astrocyte imodzi ya munthu ingasamalire timipata totere tofika mamiliyoni aŵiri!

7. Kodi ubongo umatetezeredwa motani ku zinthu zovulaza za m'mwazi?

7 Mu 1885, Paul Ehrlich wa ku Germany anasimba kuti atathira utoto m'mwazi wa nyama, ziŵalo zina zinasintha mtundu koma ubongo unakhala monga mmene unalili. Mu 1913, wophunzira wake Edwin Goldmann anathira utoto m'madzi ozinga ubongo, ndipo panthaŵiyi ubongo unadayidwa pamene ziŵalo zinazo sizinatero. Mwachionekere, pakati pa mwazi ndi ubongo pali mpanda. Mpandawo umapangidwa ndi maselo oyala mkati mwa timitsempha ta mwazi, amene mu ubongo ngolumikizana zolimba kwambiri. Mapazi a ma astrocyte amakuta pafupifupi kunja konse kwa timitsemphato, ndipo amatulutsa mankhwala amene amasunga mpandawo uli wolimba. Chotero mpweya wa okosijeni ndi shuga zimaloŵa, pamene tizilombo tambiri ndi poizoni zimatsekeredwa kunja.

8. Kodi ndani m'zaka za zana loyamba amene anachita utumiki wonga umenewu, ndipo ndani amene amauchita lerolino?

8 Munthu wolankhula mwaluso amatamandidwa, koma palibe amene amatamanda maselo amene anadyetsa ubongo wake pamene iye anali kulankhula. Ndi mmenenso zinalili ndi ena amene anachirikiza utumiki wa Yesu. Luka akusimba kuti pamene Yesu ndi atumwi 12 anali kuyendayenda m'mizinda ndi m'midzi, akazi ambiri, monga Yoana ndi Susana, anali kuwatumikira ndi chuma chawo. (Luka 8:1-3) Baibulo silitchula ngakhale liwu limodzi limene Susana analankhula, komabe dzina lake linasungidwa. Ku Yopa, akazi amasiye analira Dorika akumasonyeza zovala zimene iye anasoka, ndipo Mulungu anamuukitsa kupyolera mwa Petro. (Machitidwe 9:36-41) Lerolino, Mkristu amene amaphikira wodwala, amene amasesa malo olambirira ena asanafike, kapena amene amaperekeza nkhalamba kumsonkhano akuchita utumiki wamtundu umodzimodziwo.

Okuta Minyewa

9, 10. (a) Kodi myelin nchiyani, ndipo amapangidwa ndi maselo ati? (b) Kodi amasintha motani liŵiro la mauthenga?

9 Nyuroni imatumiza uthenga wake kudzera mu ulusi wotchedwa axon. Ulusi wina ngwautali kwambiri. Umene umachokera kumunsi kwa msana kukafika kuchala cha kuphazi ungatalike mita imodzi. Mofanana ndi waya wamagetsi, ulusi wotero umafuna chokuta kuti mphamvu isatayike panjira. Mu ubongo ndi mumtsempha wa msana, ntchito yokutayo imachitidwa ndi maselo a glia otchedwa ma oligodendrocyte, ndipo limodzi la maselo ameneŵa lingatambasule manja ake ndi kukuta maulusi makumi angapo. M'minyewa ya m'thupi lonselo, ntchitoyo ndi ya maselo a Schwann, otchedwa ndi dzina la Theodor Schwann amene anawafotokoza mu 1839. Selo la Schwann limadzikulunga lokha kuzinga kachigawo kamodzi ka ulusi mobwerezabwereza, monga nsalu yokulungidwa pandodo. Chokuta chamafuta chimenechi chimatchedwa myelin.

10 Chokutacho sichili chosadukiza. Chili ndi timipata, timene Louis-Antoine Ranvier wa ku France anafotokoza m'ma 1870, ndipo uthenga umadumpha kuchokera pakampata kena kukafika pa kena. Mu ulusi wopanda myelin, uthenga umayenda pafupifupi mita imodzi pasekondi, liŵiro la munthu woyenda pansi. Mu ulusi waukulu wokutidwa bwino, ungayende mamita 120 pasekondi, ndiko kudutsa bwalo la mpira sekondi isanathe. Aliyense amene anapunthwapo chala amadziŵa kusiyana kwake. Ululu wolasa umene umafika nthaŵi yomweyo umadzera m'maulusi okutidwa, pamene kuŵaŵa kophwanya kumene kumatsatira pambuyo pake kumadzera m'maulusi osakutidwa. Ntchito yokuta imeneyi imayamba mwana asanabadwe ndipo m'zigawo zina za ubongo imapitirizabe munthu atapyola zaka 20.

11. Kodi Ebedi-Meleki anatetezera motani wonyamula uthenga wa Mulungu?

11 Maselo okutaŵa sanyamula uthenga, koma popanda iwo uthengawo umachedwa kapena sufika nkomwe. Zimenezi zikukumbutsa za Ebedi-Meleki, Mwaitiopiya amene anali kutumikira m'nyumba ya Mfumu Zedekiya. Iye sanali mneneri. Komabe, pamene akalonga a Yuda anaponya Yeremiya m'chitsime chathope kuti afere momwemo, Ebedi-Meleki analimba mtima nakachonderera mfumu. Atapatsidwa chilolezo, sanangotenga zingwe zokha. Anatenganso nsanza ndi nsalu zakutha, nauza Yeremiya kuziika m'khwapa kuti zingwezo zisamcheke pomkokera kunja. (Yeremiya 38:6-13) Kaamba ka nsanza ndi zingwe zimenezo, mawu a Yehova anapitiriza kumveka m'Yerusalemu. Mulungu anaona zimenezo, ndipo analonjeza Ebedi-Meleki kuti adzapulumuka pakugwa kwa mzindawo.—Yeremiya 39:15-18.

12. Kodi kuchira kwa mnyewa woduka kumasonyeza chiyani ponena za kuthandiza osweka mtima?

12 Maselo a Schwann ali ndi ntchito inanso. Mnyewa wa kudzanja kapena kumwendo ukaduka, iwo amathandiza kuchotsa zidutswa zakufa, ndiyeno amandandalikana kupanga njira imene ulusi watsopano umatsata. Ulusiwo umakula pafupifupi milimita imodzi patsiku. Motero mtunda wa masentimita 30 umatenga pafupifupi miyezi khumi, ndipo nthaŵi yonseyo maselowo amakhala pamalo pawo. Akristu amene amathandiza wofedwa, wopsinjika maganizo, kapena amene chikhulupiriro chake chafooka afunikira kuleza mtima kofananako. Ulendo umodzi wokha sungakwanire. Paulo analimbikitsa mpingo wonse wa ku Tesalonika, osati oyang'anira okha, kutonthoza otaya mtima, kugwiriziza ofooka, ndi kupirira ndi anthu onse.—1 Atesalonika 5:14.

Alonda, Otsuka, ndi Otsogolera

13. Kodi ofufuza anaona chiyani ponena za ma microglia mu 2005?

13 Maselo aang'ono kwambiri a glia, otchedwa ma microglia, ndiwo alonda a ubongo. Kale anali kulingaliridwa kukhala ogona kufikira patabuka vuto. Koma mu 2005, ofufuza anakhoza kuwaonerera mu ubongo wa mbeŵa zamoyo, ndipo zimene anaona zinawadabwitsa. Ngakhale kuti selolo limakhala pamalo amodzi, tinthambi take timatuluka ndi kubwerera mosalekeza, tikumakhudza ndi kupenda zonse zozinga. Pakakhala bala, tinthambi ta maselo apafupi timalunjika pamalopo m'mphindi zoŵerengeka ndi kupatchinga. Ma microglia amameza tizilombo ndi maselo akufa, ndipo mu ubongo umene ukukula amathandiza kusadza malumikizidwe osafunikira, monga momwe mlimi amasadzira mtengo. Abusa achikristu nawonso ayenera kukhala maso nthaŵi ya mtendere, akumadziŵa mkhalidwe wa nkhosa vuto lisanakule.—Miyambo 27:23, Machitidwe 20:28.

14. Kodi maselo a glia ali ndi mbali yotani m'kutsuka ubongo?

14 Ubongo ngwofeŵa kwambiri, ndipo ukanadziphwanya wokha ndi kulemera kwake ukanakhala kuti suyandama m'madzi. Madzi oyera amene amazinga ubongo ndi mtsempha wa msana amakhalapo pafupifupi mamililita 150 panthaŵi imodzi, koma thupi limapanga pafupifupi theka la lita tsiku lililonse, kotero kuti amasinthidwa kangapo patsiku. Ochuluka a madziwo amapangidwa ndi maselo apadera a fuko la ependyma, ndipo maselo ena a fukolo, amene amayala mphako za mkati mwa ubongo, ali ndi titsitsi timene timathandiza kuwayendetsa. Mu 2012, kagulu ka Maiken Nedergaard pa University of Rochester ku United States kanasimba kuti mu ubongo wa mbeŵa madzi ameneŵa amayenda m'mbali mwa mitsempha ya mwazi, mothandizidwa ndi ma astrocyte, akumakokolola zinyalala.

15. Kodi ndi maselo ati amene amatsogolera manyuroni atsopano, ndipo ndani amene amafanana nawo?

15 Utumiki wa maselo a glia umayamba munthu akali m'mimba. Manyuroni amabadwira mkatikati mwa ubongo, ndipo ayenera kuyenda ulendo kukafika pamalo awo. Kuchiyambi kwa ma 1970, Pasko Rakic anasonyeza kuti maselo ena a glia amatambasula maulusi kuchokera mkati kukafika kunja kwa ubongo, ndipo manyuroni atsopano amakwaŵa potsata maulusiwo. Ulendowo utatha, ambiri a otsogolerawo amasanduka ma astrocyte nayamba ntchito ina. Timoteo anakhala mnzake wodalirika wa Paulo, koma amene anamuika panjira anali agogo ake a Loisi ndi amake a Yunike, amene anamphunzitsa malemba opatulika kuyambira ali wakhanda. (2 Timoteo 1:5, 3:14, 15) Makolo ndi agogo amene amaphunzitsa ana madzulo, atatopa kale ndi ntchito ya tsikulo, akugwira ntchito imene zipatso zake zingadzaoneke patapita zaka zambiri.

Pamene Atumikiwo Avulazidwa

16, 17. Kodi khate ndi multiple sclerosis zimasonyeza motani kufunika kwa maselo a glia?

16 Kufunika kwa atumiki ameneŵa kumaonekera bwino koposa pamene avulazidwa. Kachilombo koyambitsa khate, kamene Gerhard Armauer Hansen anapeza ku Norway mu 1873, kamaloŵa m'maselo a Schwann ndi kukhala momwemo. Minyewa ya kumanja, kumapazi, ndi kumaso imawonongeka, ndipo wodwalayo amaleka kumva kukhudza, kutentha, ndi ululu. Iye angagwire mphika wamoto kapena kuponda munga osadziŵa, ndipo zilonda zosamvekazo ndizo zimawononga zala m'kupita kwa nthaŵi. Mwamwaŵi, khate limachiritsika, ndipo kuyambira mu 1995 mankhwala ake akhala akuperekedwa kwaulere kupyolera mwa World Health Organization. Munthu woona banga lotuŵa kapena lofiira losamva kukhudza pakhungu lake amachita mwanzeru kupita msanga kuchipatala, minyewa isanawonongeke.

17 M'nthenda yotchedwa multiple sclerosis, imene Jean-Martin Charcot anaifotokoza ku Paris mu 1868, chitetezo cha thupi lenilenilo chimaukira myelin wa mu ubongo ndi mumtsempha wa msana. Mauthenga amachedwa kapena kutayika. Wodwalayo angavutike kuona, kuyenda, kapena kugwira zinthu, ndipo maulusi amene atayikidwa chokuta chawo kwa nthaŵi yaitali nawonso amayamba kufota. Mu 2020 anayerekezera kuti anthu pafupifupi 2.8 miliyoni padziko lonse anali ndi nthendayi. M'nthenda ziŵiri zonsezi, kuvulala kwa otumikira kumafikitsa tsoka pa otumikiridwa. Mpingo umene umatopetsa, kunyalanyaza, kapena kusuliza antchito ake ofatsa umadzivulaza wokha mwanjira yofananayo. Paulo anachenjeza Agalatiya kuti abale olumana angathe kumalizana.—Agalatiya 5:15.

18. Kodi pali chenjezo lotani kwa amene amalondera ena?

18 Pali chenjezo linanso. Ma microglia akakhala okwiya kwa nthaŵi yaitali, mankhwala amene amatulutsa polimbana ndi adani angavulaze manyuroni abwinobwino. Mkhalidwe umenewu wapezeka m'nthenda zina za ubongo, monga ya Alzheimer. Mlonda wopambanitsa angakhale wangozi kwa amene akuwalondera. Mofananamo, woyang'anira kapena kholo limene limaona cholakwa paliponse ndi kudzudzula mosalekeza lingalefule anthu amene likufuna kuwatetezera. Nchifukwa chake Malemba amalangiza kuti wolakwa abwezedwe mofatsa, wombwezayo akumakumbukira kuti nayenso angayesedwe, ndi kuti atate asakwiyitse ana awo kufikira atataya mtima.—Agalatiya 6:1; Akolose 3:21.

Mmene Mulungu Amaonera Utumiki Wobisika

19. Kodi kulinganizika kwa ubongo kumachitira umboni chiyani?

19 Nyuroni siingakhale nthaŵi yaitali popanda astrocyte, ndipo oligodendrocyte ilibe ntchito popanda ulusi woti ikute. Kudalirana kotereku, kwa maselo mabiliyoni ambiri amene aliyense ali pamalo pake, kumachitira umboni nzeru ya Wolinganiza. Davide, amene analibe maikulosikopu, anatamanda Yehova ataganizira mmene thupi lake linapangidwira modabwitsa. (Salmo 139:13-16) Amene adziŵa zambiri kuposa Davide ali ndi zifukwa zowonjezereka zochitira zomwezo. (Aroma 1:20) Nanga bwanji za nthenda zatchulidwazo? Baibulo limafotokoza kuti kudwala ndi imfa zinafika pa anthu kupyolera mwa uchimo wa Adamu, ndipo limalonjeza nthaŵi pamene zidzachotsedwa kotheratu.—Aroma 5:12, Yesaya 33:24, Chivumbulutso 21:3, 4.

20. Kodi ndi zolakwa ziŵiri ziti zimene Paulo anawongolera mumpingo wa ku Korinto?

20 Mpingo wa ku Korinto unali ndi mphatso zambiri zauzimu, koma unali wogaŵanika. Ena anali kudzitukumula ndi mphatso zooneka, pamene ena anadziona kukhala opanda pake. Paulo anawongolera magulu aŵiri onsewo ndi fanizo limodzi. Kwa odzidelera, iye anasonyeza kuti phazi silileka kukhala mbali ya thupi chifukwa chakuti silili dzanja. Kwa odzikuza, anasonyeza kuti diso lilibe ufulu wakukana dzanja, ngakhale mutu wakukana mapazi. Ndiyeno anawonjezera kuti Mulungu mwiniyo ndiye anaika chiŵalo chilichonse pamalo pake, napatsa ulemu wochuluka chimene chinausoŵa, kuti ziŵalo zisamalirane. (1 Akorinto 12:14-26) Cholakwa cha amene anatcha theka la ubongo guluu chinali chakuti anaŵerengera zokhazo zimene makina awo anatha kumva. Akorinto ena anachita cholakwa chofananacho.

21. Kodi Davide anagamula motani mlandu wa amuna amene anatsala pamtsinje wa Besori?

21 Mzimu woyenera unasonyezedwa ndi Davide. Aamaleki atafunkha Zikilaga, iye anawalondola ndi amuna 600. Atafika pamtsinje wa Besori, amuna 200 anali atalema kwambiri kotero kuti sanathe kuwoloka, ndipo anatsala ndi akatundu. Nkhondo itapambanidwa, ena a amene anamenya nkhondowo anakana kugaŵirako otsalawo zofunkha. Davide anakana lingaliro limenelo. Iye anawakumbutsa kuti chipambanocho chinachokera kwa Yehova, nagamula kuti wosunga akatundu alandire gawo lolingana ndi la wopita kunkhondo. Chigamulo chimenecho chinakhala lamulo mu Israyeli. (1 Samueli 30:9, 10, 21-25) Chotero Mkristu amene ukalamba, matenda, kapena kusamalira wachibale wodwala zamtsekereza kuchita zambiri monga kale sayenera kulingalira kuti gawo lake kwa Mulungu lachepa.

22. Kodi amene ali ndi mathayo ooneka angatsanzire motani Paulo?

22 Amene ali ndi mathayo ooneka ali ndi mbali yawo. M'mawu omaliza a kalata yake kwa Aroma, Paulo anapereka moni kwa anthu oposa 20 mwa kuwatchula maina. Iye anakumbukira ntchito yaikulu ya Persida, ndi amake a Rufo amene anamsamalira monga mwana wawo. (Aroma 16:3-15) Mkulu kapena mphunzitsi angadzifunse ngati amadziŵa amene anakonza malo amene iye waimapo kuphunzitsa, amene anachezera wodwala mlungu wathawo, kapena amene anasamalira ana a mkazi wamasiye pamene iye anali kuchipatala. Mawu oyamikira otchula ntchito yeniyeni imene munthu wachita amalimbikitsa kwambiri. Ndipo popeza kuti atumiki ofatsa kaŵirikaŵiri sadandaula, nkofunika kuwayang'anira kuti asasenzetsedwe mtolo wonse okha.

23. Kodi atumiki obisika a Mulungu angakhale otsimikizira za chiyani?

23 Maselo a glia anadyetsa, kukuta, ndi kulondera ubongo wa mbadwo uliwonse wa anthu popanda wowadziŵa. Anatumikiranso ubongo wa Virchow panthaŵi imene iye anali kuwatcha guluu. Koma Mlengi wawo anadziŵa ntchito yawo kuyambira pachiyambi. Ndi mmenenso zilili ndi olambira ake. Yesu anaphunzitsa kuti Atate amaona zabwino zochitidwa mseri ndipo adzazibwezera, ndipo kalata ya kwa Ahebri imatsimikizira kuti chilungamo cha Mulungu sichingamlole kuiŵala chikondi cha otumikira anthu ake. (Mateyu 6:3, 4, Ahebri 6:10) Podziŵa zimenezi, Akristu onse, ooneka ndi osaoneka omwe, apitirizetu kugwira mokondwera gawo limene Yehova wawapatsa, kuti thupi lonse likule m'chikondi.—Aefeso 4:16.

Mafunso Obwereramo

□ Kodi dzina lakuti glia linachokera kuti, ndipo nchifukwa ninji linali losokeretsa?

□ Kodi ma astrocyte, maselo okuta minyewa, ndi ma microglia amagwira ntchito zotani?

□ Kodi zitsanzo za Susana, Ebedi-Meleki, ndi amuna a pamtsinje wa Besori zimalimbikitsa motani Akristu amene ntchito yawo siioneka?

□ Kodi amene ali ndi mathayo mumpingo angasonyeze motani ulemu kwa antchito ofatsa?